Akati “injini yanoka”, chawonongeka n'chiyani kwenikweni?

Alamu anga ali ndi Hilux yakale ya dizilo, ya injini ija amati 3L, ndipo ndiyo imadyetsa banja lawo. Chaka chatha mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ankakwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti atasanja matumba 30 a chimanga kumbuyo. Matumba 30 a makilogalamu 50 ndi tani imodzi ndi theka, pomwe pikapu zoterezi anazipangira tani imodzi. Asanafike pa Masasa galimoto inayamba kulemera, kenako m'boneti munatuluka nthunzi. Anaimika pambali, anathira madzi a m'chigubu, n'kupitiriza ulendo. Kunyumba inafika ndithu, koma kuyambira tsikulo m'mawa inkavuta kulira, ikalira inkafuka utsi woyera, ndipo munkamveka kugogoda komwe kale kunalibe.

Amakaniko atatu anaiona. Woyamba anati, “Bwana, apa yapsa gasiketi basi.” Wachiwiri anangotchera khutu n'kupukusa mutu: “Iyi yanoka, achimwene.” Wachitatu sanavutike n'kutsegula boneti komwe: “Ovaholo. Palibenso nkhani ina.” Alamu anandiimbira foni ali kakasi, chifukwa ntchito yoyambayo ndi ya tsiku limodzi kapena awiri, pomwe yomalizayo ingathe kudya ndalama za chimanga cha chaka chonse.

Chisokonezo chotere mungachipeze paliponse pomwe anthu azungulira boneti yotsegula, ku Biwi, ku Ndirande, kapena pansi pa mtengo wa mango pa siteji ya matola. Gwero lake ndi mawu. “Kunoka” tinakubwereka ku Chingerezi, komwe kumangotanthauza kugogoda, koma ife tinakusandutsa dzina la matenda onse a injini, monga momwe kale thupi likangotentha tinkati ndi malungo tisanayezetse magazi. “Ovaholo” nayo, yomwe ndi kuphwasula injini yonse n'kuikamo zipangizo zatsopano, ndi mankhwala osati dzina la nthenda. Mwini galimoto amafunika kudziwa ziwiri: chawonongeka ndi chiti, ndipo chachiwononga n'chiyani. Zambiri mwa izi zimadziwika bawuti ngakhale imodzi isanamasulidwe.

M'kati mwa chitsulomo muli chiyani

3L ndi injini ya Toyota ya malita 2.8, ya masilinda anayi, yopanda tebo (chipangizo chopopera mpweya wochuluka mu injini), yomwe inayamba kuikidwa mu Hilux ndi mu Hiace cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Abale ake ndi 2L ya malita 2.4 ndi 5L ya malita 3.0. Zambiri zomwe zili pano zimagwiranso pa Isuzu KB ndi Nissan Hardbody zakale za dizilo, kungoti manambala ake amasiyana.

Silinda ili ngati mtondo ndipo pisitoni ndiye munsi, kungoti mtondo wake ndi wovundikira ndipo munsi umasinja chokweza. Mitondo inayiyi inabooledwa m'chitsulo chimodzi chachikulu chotchedwa buloko. Pamwamba pake pali chivundikiro, silinda hedi kapena kungoti hedi, momwe muli mavalavu, timakomo tolowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi. Pakati pa hedi ndi buloko pamakhala gasiketi, chinthu chopyapyala koma chosenza udindo waukulu wolekanitsa moto, madzi ndi oyilo, zomwe pamalo amenewo zimadutsa moyandikana kwambiri.

Pisitoni iliyonse ili ndi mwendo wake, konirodi, womwe umapalasa kirankishafuti, kapena kungoti kiranki, mtanda wozungulira wa pansi pa injini, monga mwendo wa munthu umapalasira pedulo ya njinga. Pomwe konirodi yagwira kiranki, komanso pomwe kiranki yagona pa buloko, pali mabering'i, timbale topyapyala ta chitsulo chofewa. Chodabwitsa n'chakuti injini ikamalira bwino kiranki siikhudza bering'i n'komwe. Imayandama pa oyilo yemwe pampu imamukankhira mumpata wonga kunenepa kwa tsitsi limodzi, wosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Oyiloyo akasowa kwa masekondi ochepa chabe, chitsulo chimakumana ndi chitsulo chinzake.

Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto ngati ya petulo. Imayatsa mafuta ndi kufinya. Aliyense amene anapopapo tayala la njinga amadziwa kuti pampu imatentha kumunsi kwake. 3L imafinya mpweya mpaka kutsala gawo limodzi mwa magawo 22 a malo omwe unali, ndipo mpweyawo umatentha kupitirira madigiri 500. Pamenepo nozo, yomwe ena amati injekita, imawaza dizilo wosalala ngati nkhungu, n'kuyaka yekha. Kufinya kumeneku ndiye kompuresheni, ndipo amene amakusunga ndi maring'i, timikombero tachitsulo tozungulira pisitoni. Ntchito yake ndi ya timalabala ta mu mjigo: tikatha mumapopa mpaka thukuta, madzi osabwera. Ma hita pulagi, omwe timadikira kuti kanyale kake kazime tisanalize galimoto m'mawa, amangothandiza kutenthetsa pamene injini ili yozizira.

Kunoka kwenikweni ndi kunoka kwa dzina lokha

Injini yakale ya dizilo imagogoda mwachibadwa. Kulira kwake kwa “ta-ta-ta” ngati chigayo ndi kuphulika kwa mafuta, si matenda. Chomwe makaniko amasaka ndi phokoso lachilendo, ndipo amafuna adziwe komwe likuchokera, nthawi yomwe limakula, ndi chomwe limachita silinda imodzi ikapumitsidwa.

Chida chake choyamba sichidula. Sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injini, chigwiriro pa khutu, imamveketsa za m'kati monga kachipangizo ka adokotala komvera pachifuwa, bola malaya ndi zala zikhale kutali ndi fani ndi malamba. Kaphokoso kopepuka ka “tiki-tiki” kochokera pamwamba kawirikawiri ndi mpata wa mavalavu womwe wakula, ntchito yaing'ono. Kugogoda kwa m'mbali mwa buloko komwe kumamveka injini ikazizira n'kumachepa ikatentha ndi pisitoni yomwe yayamba kugwedera mu silinda yotha. Galimoto yotere imatha kuyendabe nthawi yaitali, ikungodya oyilo.

Kunoka kwenikweni kumachokera pansi, kufupi ndi sampu, beseni lija mumakhala oyilo. Bering'i ya konirodi ikatha imagogoda ngati munthu akumenya nyundo pachitsulo. Phokosolo limakula mukaponda mafuta, ndipo limanyanya injini ikatentha chifukwa oyilo amakhala atasungunuka. Mabering'i omwe kiranki yagonapo amalira mozama, “du-du-du”, makamaka pokwera mtunda ndi katundu. Nthawi zambiri nyale yofiira ya oyilo imakhala inayamba kale kuphethira galimoto ikaima pa maloboti. Injini yofika apa siyendetsedwanso ngakhale kilomita imodzi, chifukwa konirodi ikaduka imaboola buloko n'kutulukira kunja, ndipo pamenepo chokonza palibe.

Koma pali kathyali. Nozo yotha, yomwe m'malo mowaza ikungodontheza, imachititsa dizilo kuphulika mosalongosoka, ndipo kugogoda kwake kumafanana zedi ndi kwa bering'i. Pampu ya dizilo ikamangidwa kuti izipereka mafuta nthawi isanakwane imachitanso zomwezo. Ngakhale pule, kagudumu koyendetsa malamba ka kutsogolo kwa kiranki, ikakhwefuka imagogoda moopsa. Khutu lokha silingasiyanitse zonsezi, ndipo munthu akhoza kuphwasulitsa injini yathunthu chifukwa cha nozo imodzi.

Njira yosiyanitsira ndi yakalekale. Injini ikulira payokha, makaniko amakhwefula pang'ono nati ya paipi yopita ku nozo imodzi kuti silinda imeneyo isalandire dizilo. Injini ikagwedera n'kutsika mawu, silindayo inali kugwira ntchito. Ikapanda kusintha, silindayo inali itafa kale. Kugogoda kukazimirira, vuto lili mu silinda imeneyo, koma sitinadziwebe ngati ndi nozo kapena bering'i, pakuti zonse ziwiri zimakhala chete moto ukachotsedwa. Ndiye amasinthanitsa nozoyo ndi ya silinda ina. Phokoso likasamuka nayo, mlandu ndi wa nozo. Likatsala pomwe linali, ndiye nthawi yotsitsa sampu yakwana.

Apa pamafunika kusamala. Mphamvu ya kukankha imayezedwa mu mabaa, ndipo tayala la pikapu limapopedwa mabaa 2 kapena 3. Nozo ya 3L imatseguka pa mabaa pafupifupi 150, okwanira kulowetsa dizilo pansi pa khungu la munthu, choncho dzanja lisayandikire pomwe akufayira. Injini za dizilo zatsopano zotchedwa D-4D, zomwe zili mu Hilux zambiri za 2005 kupita m'tsogolo, zimapitirira mabaa 1,000, ndipo pa izo nati sizikhwefulidwa injini ikulira. Kumeneko ntchito imeneyi imagwiridwa ndi kompyuta.

Utsi, oyilo ndi madzi

Utsi wakuda ndi dizilo wochuluka kuposa mpweya, ngati koloboyi yomwe mwaikwezera chingwe. Woyamba kufunsidwa ndi fyuluta ya mpweya, kenako nozo ndi pampu. Komanso injini yopanda tebo imafooka kumtunda komwe mpweya ndi wopepuka, mwachiyerekezo 1 peresenti pa mamita 100 alionse, moti galimoto yomwe ku Salima ili bwinobwino imatha kumafuka pang'ono ku Dedza popanda chowonongeka.

Wabuluu ndi oyilo akupsa. Ukamatuluka poliza m'mawa kenako n'kusiya, oyilo akumatsikira m'mavalavu usiku kudzera m'timalabala tawo touma. Ukamatuluka nthawi zonse, maso akhale pa maring'i. Masulani chitseko chothirira oyilo injini ikulira, n'kuchisiya chili pamalo pake chosamanga. Kampweya pang'ono n'kachibadwa pa injini yokalamba, koma chitsekocho chikamavina mpaka kugwa, utsi uli tolotolo ngati m'khitchini ya nkhuni zaziwisi, moto ukudutsa m'mbali mwa mapisitoni.

Woyera uli pawiri, ndipo woweruza ndi mphuno. Ukamanunkha dizilo n'kumalasa m'maso, ndi mafuta osapsa, chifukwa cha ma hita pulagi akufa, kompuresheni yochepa kapena nozo. Ukakhala ngati nthunzi ya pa ketulo, wozimirira msanga, pomwe madzi mu radiyeta akumachepa koma pansi palibe podontha, madziwo akulowa mu silinda.

Oyilo wakuda bii pa injini ya dizilo asakuopseni, amada patangopita masiku ochepa. Woopsa ndi wooneka ngati tiyi wamkaka, chifukwa muli madzi, komanso wochuluka kuposa momwe munathirira n'kumanunkha dizilo. Khuthulirani oyilo wakale m'beseni lotsuka n'kupita nalo padzuwa. Mukaona tizidutswa tonyezimira ngati mkuwa kapena siliva, imeneyo ndi bering'i ikunyenyeka. Amakaniko osamala amadula fyuluta ya oyilo n'kutambasula pepala lake kuti aone zomwe yagwira. Ku radiyeta nako, oyilo woyandama pamadzi sikuti nthawi zonse ndi gasiketi. Injini izi zili ndi oyilo kula, kachipangizo ka m'mbali mwa buloko komwe madzi amaziziritsira oyilo, ndipo kakabooka ziwirizi zimasakanikirana hedi ili yabwinobwino.

Manambala asanagwire sipanala

Khutu ndi mphuno zimangolozera. Zotsimikiza ndi mageji. Poyeza kompuresheni, injini ikhale yotentha, batire lodzaza, mafuta atatsekedwa, ma hita pulagi onse atachotsedwa, kenako geji imaikidwa pa silinda imodziimodzi sitata ikupukusa. Geji yake ndi ya dizilo, popeza zambiri za petulo zimathera cha pa mabaa 20. Muyezo wa Toyota pa 3L ndi mabaa pafupifupi 31, wotsikitsitsa wololedwa ndi pafupifupi 20, ndipo kusiyana pakati pa silinda ndi inzake kusapitirire 5.

Manambala anayiwo amawerengedwa pamodzi. Onse akatsika mofanana, ndi ukalamba wa maring'i ndi masilinda. Imodzi yokha ikatsika, pali valavu yopsa, ring'i yothyoka, mng'alu kapena konirodi yopindika. Ziwiri zoyandikana zikatsikira limodzi, gasiketi yaduka pakati pawo. Pa injini za petulo anthu amathira kaoyilo mu silinda n'kuyezanso kuti aone ngati vuto ndi maring'i, koma pa dizilo zimenezi n'zangozi. Malo otsala pisitoni ya 3L ikafika pamwamba ndi ongokwana masipuni aakulu awiri, ndipo oyiloyo akhoza kuyaka kapena kutseka malowo.

Njira yabwino ndi kupopera mpweya wa kompuresa mu silinda, pisitoni ili pamwamba, mavalavu onse ali otseka, n'kumvetsera komwe ukuthawira. Ukamveka ku fyuluta ya mpweya, ndi valavu yolowetsa. Ku ekizozi, ndi yotulutsa. Pothirira oyilo, ndi maring'i. Thovu likatuluka mu radiyeta, ndi gasiketi kapena hedi.

Geji inanso ndi ya oyilo, yomwe imamangidwa pamalo pa swichi ya nyale yofiira ija. Nyaleyo ili ngati mlonda wokuwa akuba atatuluka kale pa geti, chifukwa imayaka mphamvu ya oyilo itatsala pang'ono kutheratu. Injini yotentha ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, geji isonyeze mabaa osachepera 3. Ikasonyeza zabwino, mu oyilo mulibe zonyezimira, ndiye kuti nkhani ya mabering'i yafooka kwambiri, kaya kugogoda kukumveka bwanji.

Kutentha, hedi ndi mkangano wa femositati

Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma kumtunda ngati ku Dedza amawira cha pa 95. Chitseko cha radiyeta chili ndi sipuling'i yomwe imapanikiza madziwo ndi baa pafupifupi imodzi, n'kuwachititsa kuti asawire mpaka cha m'ma 115. Kalabala kake kakatha, madzi amawira msanga n'kumatayika pang'onopang'ono. Kachinthu kotsika mtengo kameneka kamatha kuyambitsa ulendo wonse wopita ku hedi yosweka.

Hedi ya 3L ndi ya chitsulo cha mtundu wa simbi ya makala, chomwe sichipindika msanga koma chimang'aluka. Malo ake ofooka ali pakati pa mavalavu awiri ndi pozungulira timapanga ting'onoting'ono momwe nozo imawazira ndi momwe moto umayambira. Kuthira madzi ozizira mu injini yomwe yangowira kuli ngati kudonthezera madzi pa galasi la nyali ikuyaka. Choyenera ndi kuzimitsa, kudikira mpaka paipi ya madzi igwirike ndi dzanja, ndipo pokhapo n'kutsegula chitseko, chifukwa nthunzi yake imasenda nkhope. Geji ya pa dashibodi nayo imatha kunamiza: kachipangizo kake kamayeza madzi, ndiye madzi akatheratu muvi ukhoza kutsika pomwe injini ikupsa.

Gasiketi yopsa ndi hedi yong'aluka zili ndi zizindikiro zofanana. Mu radiyeta mumatuluka thovu injini ikadali yozizira, mapaipi a madzi amalimba gwa patangopita mphindi zochepa, madzi amakankhidwira kunja. Pali mankhwala abuluu omwe amaikidwa pakamwa pa radiyeta n'kusanduka obiriwira kapena achikasu akakumana ndi utsi. Amatsimikiza kuti utsi ukulowa m'madzi, koma sanena khomo lomwe walowera. N'chifukwa chake hedi ikachotsedwa siyenera kungopalidwa n'kubwezeredwa. Imayezedwa ndi rula yachitsulo ngati yapotoka, ndipo imapita kwa amakina kuti akaipope ndi kuona ngati ili ndi mng'alu. Gasiketi yatsopano pa hedi yong'aluka imabwerera ku galaja pasanathe mwezi.

Femositati ndi kachitseko komwe kamatseka njira yopita ku radiyeta injini ikazizira, n'kutsegula ikatentha. Amakaniko ambiri kwathu kuno amakachotsa. Iwo amati dziko lathu ndi lotentha kale, ndipo kakakanirira chotseka pakati pa ulendo injini imawira nthawi yomweyo, zomwe zimachitikadi. Otsutsa amati injini yopanda femositati imayenda yozizira m'mawa ndi potsetsereka, dizilo sapsa bwino, masilinda amatha msanga, komanso pa injini zina kachitsekoka ndi komwe kamatseka njira yachidule, moti kakachoka madzi ena amangozungulira mu buloko osafika ku radiyeta. Mbali zonse ziwiri zimagwirizana pa chimodzi: injini yomwe inkawira femositati ili yabwino, chomwe chikuiwiritsa chikadalipo ngakhale muichotse. Chikhoza kukhala radiyeta yotsekeka ndi dzimbiri ndi mchere wa madzi a pa mjigo, zoyera zija zimamata mu ketulo. Chikhoza kukhala matope ndi njere za udzu kutsogolo kwake, fanibeluti yokhwefuka, pampu ya madzi yodyeka, kapena fani yomwe yasiya kugwira. Kulanti, madzi amtundu aja ogula m'botolo, phindu lake lalikulu kuno si kuletsa madzi kuundana ayi, koma kuletsa dzimbiri.

Fumbi, lamba ndi mtsinje

Fumbi lolowa mu injini limasakanikirana ndi oyilo n'kukhala ngati sandipepa. Fyuluta yong'ambika chifukwa chopemereredwa ndi kompuresa mwamphamvu, kapena paipi ya mpweya yosweka, zimatha kumaliza maring'i m'chilimwe chimodzi. Oyilo wa injini zakalezi amasinthidwa pa makilomita 5,000. Dizilo wa m'zigubu wosakaniza ndi palafini, yemwe amachuluka mafuta akasowa, amadya pampu ndi nozo chifukwa palafini saterera.

Taiming'i beluti ndi lamba wa mano yemwe amachititsa kuti mavalavu, pampu ya dizilo ndi mapisitoni ziziyendera limodzi. Pa 3L amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo pa dashibodi pali kanyale kolembedwa T-BELT kokumbutsa. Akaduka, mapisitoni amamenya mavalavu. Pa galimoto yomwe mita yake inafa kalekale, kanyaleko n'kopanda ntchito, ndi bwino kulemba tsiku ndi penti pa chivundikiro cha lambayo.

M'dzinja muli ngozi ina. Madzi safinyika, ndiye galimoto ikamwa madzi powoloka mtsinje n'kuzima, kupukusa sitata kapena kukankha kumapinda konirodi. Amakaniko amayamba achotsa ma hita pulagi kuti madzi atulukire pamenepo.

Ovaholo ili ndi chiyani, nanga injini ya ku Japan?

Ngati vuto lili pamwamba pokha, ntchito imathera pa hedi: mavalavu, timalabala tawo, gasiketi, ndi kupala hedi pa makina ngati yapotoka pang'ono, komwe amati kusikima. Ovaholo yathunthu imafika pansi, ndipo mtima wake ndi kuyeza. Masilinda akatha kupitirira muyezo amabooledwa n'kuikamo mapisitoni okulirapo, kawirikawiri ndi milimita 0.50, kapena amalowetsamo silivu, paipi yachitsulo yobwezera silinda kukula kwake koyamba. Maring'i atsopano mu silinda yotha, yosayeza, amasiya kufuka kwa miyezi yochepa chabe. Kiranki yokalika imapalidwa pa makina ndi milimita 0.25 kapena 0.50, n'kuikidwa mabering'i onenepa molingana. Mpata wake amauyeza ndi kaulusi ka pulasitiki komwe kamaphwanyidwa pakati, kufalikira kwake n'kusonyeza nambala.

Zomwe zimapha injini yokonzedwa kumene nthawi zambiri n'zazing'ono. Zinyenyeswa za bering'i yakale zotsalira m'njira za oyilo ndi mu oyilo kula zimapita molunjika ku bering'i yatsopano. Zipewa za makonirodi sizisinthanitsidwa, chilichonse chimabwerera pa konirodi yake. Gasiketi ya hedi imabwera m'makulidwe angapo, ndipo yoyenera imasankhidwa poyeza momwe pisitoni yatulukira pamwamba pa buloko. Mabawuti a hedi amamangidwa motsatana kuchokera pakati kupita kunja, ndi sipanala yoyeza mphamvu, kenako n'kupotozedwa ndi madigiri oikika, osati ndi paipi yaitali ndi mnyamata wamphamvu. Lamba akaikidwa, injini imazungulitsidwa ndi dzanja kawiri kuti zizindikiro zake zikumanenso sitata isanakhudzidwe. Ndipo ntchito yonseyi, ikachitikira pabwalo la fumbi mphepo ikuomba, yayamba kale kutha. Mwini galimoto ali ndi ufulu wofunsa manambala omwe apezeka ndi kuona zipangizo zakale zomwe zachotsedwa.

Njira ina ndi kugula injini yogwiritsidwapo kale ntchito yochokera kunja, yomwe ambiri amangoti ya ku Japan. Ubwino wake ndi wakuti galimoto imabwerera pamsewu msanga, ndipo mwina injiniyo sinatsegulidwepo chichokereni ku fakitale. Kuipa kwake n'kwakuti mbiri yake simukuidziwa, ndipo 3L iliyonse lero ndi yokalamba, ngakhale itsukidwe mpaka kuwala. Ovaholo imakupatsani injini yomwe mukudziwa zomwe zili m'kati, koma ubwino wake umathera pa luso la wokonza ndi mtundu wa zipangizo, pakuti zonamizira zilipo pamsika. Wosankha yogula ayeze kompuresheni asanalipire, asinthe lamba asanaikweze, ndipo asunge malisiti, chifukwa nambala ya injini imalembedwa m'mapepala a galimoto ndipo a Road Traffic amafunika kudziwitsidwa ikasintha. Njira iliyonse mwa ziwirizi, radiyeta yotsekeka yomwe inapha injini yoyamba ikabwezeredwa momwemo idzaphanso yachiwiri.

Injini ya maring'i atsopano imafuna makilomita 1,000 oyamba opanda katundu wolemera, liwiro likusinthasintha, kenako oyilo ndi fyuluta zisinthidwe. Kuisiya ikungolira payokha tsiku lonse, komwe ena amati n'kuizoloweza, kumasalalitsa masilinda ngati galasi maring'i asanakhazikike, ndipo imadzadya oyilo mpaka kalekale.

Ya alamu ija inakathera kwa madala ena omwe anali ndi mageji m'kabokosi kathabwa. Ndinali nditawauza pa foni kuti, “Alamu, musalole kuti amasule musanaone manambala.” Masilinda atatu anasonyeza pakati pa 27 ndi 29, koma yachitatu kuchokera kutsogolo inaima pa 18. Mphamvu ya oyilo inali bwino, m'beseni munalibe chonyezimira. Atapopera mpweya mu silinda yofookayo, thovu linatuluka mu radiyeta. Hedi inapezeka ndi mng'alu pakati pa mavalavu, nozo ya pamenepo ikudontheza, femositati mulibe, ndipo radiyeta atatsegula anapeza timapaipi tambiri titatsekeka ndi dzimbiri lofiira. Pansi sanakhudzepo. Anaika hedi ina, gasiketi, femositati, chitseko chatsopano, nozo zonse zinakayezedwa, radiyeta n'kulowetsedwa timapaipi tina.

Masiku ano Khwekhwerere amakwera m'mamawa dzuwa lisanakwiye, ndi matumba 20, ndipo nthawi zonse tikakumana amadandaula za dizilo wa ulendo wachiwiri wokatenga matumba 10 otsalawo.